Kapitawo Alibe Mlandu

Ntopwa, Bangwe
Blantyre
2 Sepitembala 2021

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kwa ine mwana wanu Ida. Choyamba ndifune kumva za moyo wanu. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Mawondo aja akukulolani kufika kudimba? Nanga mutu uja unkakuvutani mwezi watha unaleka? Ine kuno ndilipo. Thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi, ndipo chifukwa chake muchipeza m'kalata muno.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati kale pomwe foni ilipo. Foni ya kumeneko ndi ya amalume a Godfrey, ndipo inu mukudziwa kuti akakupatsani sachoka, amaima pomwepo ngati akudikira chenji. Zomwe ndikufuna kunena si za anthu atatu. Ndalemba zilembo zikuluzikulu kuti muwerenge nokha ndi magalasi aja anakugulirani achimwene a Nedson. Chonde musapatse munthu wina kuti akuwerengereni.

Kalatayi sikubwera yokha. A Jailosi, aja amayendetsa lole yonyamula nandolo kuchoka kwathu ku Phalombe kubwera ku Limbe, akupatsaninso dengu lanu lija la chivindikiro, lomanga ndi chingwe cha buluu. M'dengumo muli Kapitawo, mphaka wa achimwene. Ndikudziwa kuti munatuma mawu oti aphedwe. Sindinamuphe. Liikeni dengulo pamthunzi, ndipo musaitane amalume kufikira mutamaliza kuwerenga.

Za kuno ndi zomwezi. Chisanu chapita, tsopano kwabwera fumbi ndi chimphepo chotsika m'phiri la Bangwe. Madzi pa mpopi wathu akumatuluka m'mamawa mokha, ndiye zigubu zimakhala pa mzere tsiku lonse. Matenda aja akuti achepako, maliro sakumveka tsiku ndi tsiku ngati mu Julayi, ndipo anthu ayambiranso kupanikizana m'maminibasi, masiki ili pachibwano. Ine ndinakabayitsa katemera masabata awiri apitawo. Mkono unalemera tsiku limodzi basi, choncho musamvere zoti munthu akabayitsa amauma thupi.

Benchi la achimwene likadali pakhonde. Nsapato zambiri zomwe anasiya asanamalize kusoka eni ake anabwera kudzatenga, ena anachita kutuma munthu. Kwatsala mapeyala atatu, eni ake akuopa kufika pakhomo pano. Ndimazipukuta fumbi Loweruka lililonse, sindikudziwa chifukwa chake.

Lachisanu lapitali amalume anandiuza pa foni kuti simukudya. Ati mukumatenga mbamu ziwiri n'kusamba m'manja, ndipo chitenje chayamba kukuzungulirani kawiri. Ati mukumanena kuti munapereka imfa kwa mwana wanu ndi manja anu, mutaiika m'dengu, popeza mphaka amene anawapatsira kolona munawapatsa ndinu. Ati ngakhale make wa Kapitawo munamuthamangitsa pakhomo ndi chikuni. Mawu amenewo ndi amene andigwiritsa cholembera. Amayi, inu mulibe mlandu. Mphakayu nayenso alibe mlandu. Woyamba kudwala m'nyumba muno ndinali ine, ndipo ndinabisa.

Ndikudziwa kuti mukamva zimenezi mukhoza osafunanso kundiona. Munabereka awiri, mmodzi wapita, ndipo wotsalayu ndi amene akukuuzani zoterezi. Komabe kuli bwino mundikwiyire muli moyo kusiyana n'kuti muzifota ndi mlandu womwe si wanu.

Mukukumbukira Khirisimasi ya 2019, achimwene akudandaula kuti makoswe a ku Bangwe awatha. Khoswe wina anali atatafuna lamba wa nsapato ya mkwatibwi kutatsala masiku awiri kuti ukwati uchitike, ndipo mwini wake anawatukwana mpaka anthu kudzaza pamsewu. Inu munaseka mpaka misozi, kenako munapita kuseri kwa nkhokwe n'kubwera ndi kamphaka kakuda ka mwendo umodzi woyera. Munakaika m'dengu lomweli. Dzina loti Kapitawo anamupatsa ndi achimwene atafika kuno, chifukwa iwo akamasoka iye ankakhala kumapeto kwa benchi, manja atapinda, kumangoyang'anira ntchito ya eni osagwirako. Makasitomala ankayamba apereka moni kwa Kapitawo, kenako kwa mmisiri. Makoswe anatha mwezi womwewo. Mphatso yanu inali yabwino, ndipo inagwira ntchito yomwe munaitumira.

Tsopano ndinene mmene zinayendera mwa ndondomeko yake, chifukwa nkhani yonse yagona pa kuti anayamba kudwala ndani.

Loweruka pa 3 Julayi ndinatsegula belo la majuzi ku msika wa Limbe. Inu simunaonepo belo la kaunjika likutsegulidwa, koma lili ndi fungo lake lamphamvu la mankhwala, loti ngakhale wodutsa patali amadziwa kuti apa atsegula. Tsiku limenelo anzanga onse anagwira mphuno. Ine sindinamve kanthu. Ndinatola chovala chimodzi n'kukwiriramo nkhope yonse, koma fungo osalimva ngakhale pang'ono. Pakhosi pankandikanda kuyambira dzana lake, msana ukuphwanya, ine n'kumati ndi chisanu. Pamenepo ndinadziwa. Pa wailesi ankanena tsiku lililonse kuti munthu akasiya kumva fungo akayezetse ndipo adzipatule kwa anzake.

Sindinapite kukayezetsa. Ndinaopa zinthu zopusa, amayi. Mnzathu wina wa pafupi ndi pomwe ndimayala ine atapezeka nawo matendawa, anthu anasiya kumugula ngakhale atachira, ankangomuloza ndi milomo. Komanso majuzi amayenda mu Juni ndi Julayi, ikafika Ogasiti palibe amawayang'ana. Ndinadziuza kuti ndine wamphamvu, zitha zokha. Ndinagula mandimu ndi jinja, ndipo ndinkafukiza masamba a bulugamu kubafa achimwene akapita m'tauni kukagula ulusi, kuti asaone. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti iwo ali ndi shuga. Ndine ndemwe ndinkawaperekeza kuchipatala mwezi ndi mwezi, ndinenso ndinkawalanda supuni akafuna kuthira shuga kachitatu mu tiyi.

Nyumba yathu mukuidziwa, zipinda ziwiri. Tinkapisa m'mbale imodzi ya ndiwo, kusamba m'manja m'beseni limodzi, kumvera wailesi limodzi mazenera ali chitsekere chifukwa cha kuzizira. Lolemba lake kunagwa chiperoni, ndiye achimwene analowetsa ntchito m'nyumba, n'kumamata nsapato pabalaza pomwepo. Masiku onse akatero ndinkalongolola kuti guluu wawoyo atipha ndi mutu. Tsikulo ndinangokhala duu, ndikusenda anyezi. Iwo anandiyang'ana n'kuseka, ati lero kugwa zachilendo poti Ida wagwirizana ndi guluu, ndipo anafunsa ngati ndapeza chibwenzi chondifewetsa mtima. Ndinaseka nawo. Mpata woti ndinene unalipo pamenepo, waukulu ngati khomo la tchalitchi, koma sindinanene.

Lachinayi pa 8 iwo anayamba kutentha thupi. Iwo ndiye sanabise. M'mawa mwake anapita okha kukayezetsa, anabwera ndi kapepala m'manja, n'kuima pabwalo kundiuza ndili patali kuti awapeza nawo. Anati ndisawayandikire, ndiwapatulire mbale yawoyawo ndi kapu yawoyawo, chifukwa chomwe akuopa n'choti angandipatsire ine. Amayi, mawu amenewo sachoka m'makutu mwanga. Munthu amene ananditenga banja langa litatha, nandipatsa pogona, nandiyambitsa geni, anadzitsekera kuchipinda kuti anditeteze ku matenda omwe ine ndinali nditayamba kale kuchira.

Sabata yonse ndinkaika chakudya pakhomo la chipinda n'kugogoda. Wolowamo panalibe kupatula Kapitawo. Iye ankakwera khoma n'kudutsa pa mpata uja wa m'munsi mwa malata. Ndinayesa kutsekapo ndi chiguduli koma achimwene anandiletsa, ati ndimuleke, ndi nesi yekhayo amene akubwera wopanda masiki ndipo sanyansidwa. Ankagona pachifuwa pawo. Usipa womwe ndinkawaphikira ankangolawa, wotsalawo n'kumupatsa iye m'mbale momwemo. Ndikamachapa pakhonde ndinkawamva pa zenera akumuuza nkhani, za munda wa kumtsinje, za njinga ya malemu abambo, za inu ndi mmene munkawathamangitsira akaba nzimbe. Palibe anatiuza kuti wodwala matendawa azitalikirananso ndi ziweto za m'nyumba. Ife tinkangoganiza za anthu.

Lachisanu pa 16 Kapitawo anayamba kuyetsemula, m'maso muli manthongo, chakudya osachifuna. Loweruka mpweya wa achimwene unayamba kuvuta, ndipo tinapeza galimoto n'kuthamangira nawo kuchipatala. Zotsatira zake mukuzidziwa. Lolemba m'mawa nesi anandiitanira pa geti. Sindinawaone nkhope, sindinawasambitse, ngakhale kuwatseka maso sindinawatseke. Sabata yonse ija, wa pakhomo pano amene anawafunditsa ndi thupi lake ndi mphakayu.

Tsiku loika maliro, amalume atabwera kudzaimira inu nonse, tinachoka kumanda anthu ochepa chabe n'kudzakhala pabwalo motalikirana. Kapitawo anatuluka m'nyumba akuyenda mofooka, anakwera pa benchi la achimwene, n'kuyetsemula katatu pamaso pa anthu onse. Mukanaona mmene anthu anabalalikira, mipando mpaka kugwa. Eni nyumba athu, amake Angela, anati iwo anamuonapo mphakayu kudzala akusewera ndi masiki yotayidwa. Anatulutsanso foni n'kutitsegulira uthenga wa munthu wina wosadziwika, wonena kuti amphaka ndi agalu ndi amene akugawa kolona m'makomo. Wina anawonjezera kuti mphaka wakuda chiyambire sakhala wabwino. Mlandu unatha pomwepo, woimbidwayo akunyambita mwendo wake.

Amalume anatembenukira kwa ine n'kundifunsa pamaso pa anthu ngati ineyo ndinadwalapo kapena kumva chilichonse m'thupi. Ndinati ayi. Ndinayankha msangamsanga, osaphethira n'komwe. Iwo anagwedeza mutu, ati basi nkhani yaonekera poyera. Bodza limenelo ndi lomwe anakwera nalo basi kudzakutulirani inu.

Ndisakunamizeninso, masiku oyambawo zinandipepukira. Ndinkati mphaka sadziwa kudandaula, alibe manyazi, sapita kumsika kapena kutchalitchi koti anthu azikamuloza. Sindinaganize kuti mlandu ukakhala pa mphaka udzafika kwa amene anamupereka.

Amake Angela analamula kuti mphakayu asaonekenso pa puloti. Ine pofuna kuwaonetsa kuti ndikuchitapo kanthu, ndinamugwira n'kumusambitsa ndi madzi a kolorini, aja tinkathira pansi ndi pa zitseko, ndipo sindinawasungunule mokwanira. Analira ngati khanda, anandikanda mikono yonse, n'kuthawira kudenga masiku awiri. Atatsika, ubweya wa pamsana unali utayamba kuthothoka, khungu litafiira. Anthu ataona anati si izo, matenda aja atulukira kunja. Choncho mukatsegula dengu muona malo opanda ubweya pamsana pake, aakulu ngati chikhatho. Imeneyo si kolona. Ndi ntchito ya manja anga.

Kenako mawu anu anafika oti aphedwe. Ndinagula mankhwala a makoswe n'kusakaniza ndi usipa m'kambale kake. Ndinamuitana mmene ankamuitanira achimwene, kugogoda nyundo kawiri pa benchi. Anabwera akuthamanga, akuyang'ana uku ndi uku kufuna mwini nyundo. Atamusowa anadzadzikhula mutu pa mwendo wanga, ine yemwe ndinamuwotcha. Kambaleko ndinali ndisanakaike pansi. Ndinapita nako kukataya m'chimbudzi, ndinabwera n'kukhala pa dothi, ndipo ndinalira kulira komwe sindinalire pa maliro. Amalume atafunsa pa foni ndinati ndikonza, ndikonza.

Kuyambira pamenepo ndinkamutsekera m'nyumba ndikamapita kumsika. Koma mphaka sabisika. M'mawa uliwonse ikakwana nthawi yomwe achimwene ankatulutsa zipangizo, amakanda chitseko ndi kulira kufuna kupita pa benchi, ngati kuti ntchito ichedwa iye akapanda kufika. Amake Angela anamumva, ndipo anati ikamatha Ogasiti achoke mphaka kapena tichoke tonse awiri. Mnzanga wa kumsika, Esther, ndi amene anandiuza kuti ku ofesi ya za ziweto ali ndi jakisoni wogonetsa chiweto osamva ululu. Ndinati bola zimenezo, aphe ena, ine ndisaone.

Ndinapita Lolemba pa 23, dengu lili pamutu ngati ndanyamula tomato, kuopa kuti kondakitala angandikanize. Kumeneko ndinapeza bambo wina wachikulire wa ndevu zoyera, dzina lawo a Ahmadi. Ndinawauza kuti ndabweretsa mphaka wa kolona amene anapha achimwene anga, amubaye. Iwo sanathawe ngati anthu a pa puloti pathu. Anavala magolovesi, anamutulutsa, anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, anamumvetsera m'chifuwa, n'kunena kuti mphakayu ali bwinobwino kupatula bala la pamsanali. Anafunsa chomwe ndinamuthira. Nditanena anapukusa mutu, ati sindine woyamba kuchita zimenezi, ndipo ndithokoze kuti madziwo sanalowe m'maso.

Kenako anachotsa kalendala pakhoma n'kuiyala patebulo, n'kubwezera masamba mpaka pa Julayi. Anati ndiwalozere tsiku lomwe mphaka anayamba kuyetsemula. Ndinaloza pa 16. Anati nanga malemu anayamba liti. Ndinaloza pa 8. Anafunsa ngati m'nyumbamo munali wina amene anadwala malemuwo asanayambe. Amayi, amalume ndinawanamiza, abusa atabwera kudzapepesa ndinawanamiza, Esther yemwe ndinamunamiza, koma pamenepa chala chinapita chokha pa 3. Kanali koyamba kuuza munthu.

Iwo sanandikalipire. Anandifotokozera kuti malinga ndi zomwe akatswiri apeza mpaka pano, amphaka, ngakhalenso agalu, amatha kutenga matendawa kwa anthu a m'nyumba mwawo, makamaka akamagona nawo ndi kudya nawo, ndipo ambiri amangoyetsemula sabata imodzi kapena ziwiri n'kuchira. Koma zoti mphaka apatsire munthu ati n'zosowa kwambiri, moti iwo pa ntchito yawo sanakumanepo nazo. Anati zipangizo zoyezera mphaka alibe, choncho sangalumbire kuti inalidi kolona. Koma ngati inali imeneyo, ati masikuwo akulankhula okha, womaliza kudwala sangakhale amene anayambitsa. Kapitawo anachita kupatsidwa ndi mbuye wake, chifukwa chokana kumusiya yekha.

Za ine anati ndisadziweruze mopitirira, poti achimwene ankalandira anthu ambiri pakhonde, ndipo palibe angadziwe motsimikiza komwe anawatenga matendawa. Ndikudziwa kuti ankanena zoona, komanso ankafuna kundipepuza. Mwina anawatengadi kwa kasitomala, Mulungu yekha ndiye adziwa. Koma zoti ndinadziwa, n'kubisa, n'kumapisa nawo m'mbale imodzi, zimenezo sizifuna makina oyezera. Ndikanalankhula tsiku la guluu lija, mwina bwenzi tili awiri lero. Mwinanso ayi. Funso limeneli ndi katundu wanga, ndipo sindikukupemphani kuti mundisenzeko.

Jakisoni uja anakana kubaya. Anati iwo sapha chiweto chabwinobwino chifukwa cha mphekesera za pa foni. M'malo mwake anamubaya katemera wa chiwewe, anandipatsa mafuta opaka pabala, n'kunena kuti papita masabata asanu chiyambire kuyetsemula kuja, mphakayu sangadwalitse munthu, kaya nkhalamba kaya khanda. Ndinawafunsa kawiri za nkhalamba, ndikuganiza za inu, ndipo kawiri konse anayankha chimodzimodzi.

Nditabwerako ndinawafotokozera amake Angela zonse, ndi za ine zomwe. Anandimvera ataima patali. Anati za madokotala iwo sakutsutsa, koma anzanga a lendi akuopabe, ndipo ena ayamba kunena zothira poizoni pa dzala. Anandiwonjezera sabata imodzi yokha. Sindikuwada ayi, nawonso anaika mchemwali wawo mu Januwale ndi matenda omwewa. Kuyambira tsiku limenelo moni wa pa puloti wachepa, ndipo kumsika nkhani inafika kale. Zomwe ndinkaopa zija zandipeza ndithu, paja choipa chitsata mwini. Komabe inu ndinali ndisanakuuzeni. Ndinkati ndidzanena pamaso ndikadzabwera, kenako ndinkati ndidikire mtima wanu ukhale kaye pansi. Zonsezo anali mantha. Foni ya amalume ya Lachisanu ndi imene inandionetsa kuti ndikamadikira inu mukutha.

Pempho langa ndi limodzi. Mulandireni Kapitawo. Kuno alibenso malo, ndipo kwawo ndi komweko, anabadwira kuseri kwa nkhokwe yanu. Masiku atatu oyamba mumutsekere m'nyumba kuti asasochere. Mafuta a pabala ali m'kabotolo komwe ndamangirira pa chivindikiro, muzimupaka m'mawa ndi madzulo, ubweya wayamba kale kumera m'mbali. Nsima yozizira sadya, mwana wanuyo anamulera ngati bwana. Malaya a buluu omwe ndayala m'dengumo ndi a achimwene, ndinachapa ndi kuyanika padzuwa, musawachotse chifukwa ndi pomwe amagona. Nyundo ndawapatsira a Jailosi padera. Mukafuna kumuitana gogodani kawiri pa thabwa, abwera. Ndipo wina akadzadwala chifuwa choterechi pakhomopo, asagone naye kapena kumupatsa zotsala m'mbale, kuti asadzavutikenso.

Ndiponso idyani, amayi. Chomwe munaika m'dengu Khirisimasi ija si imfa ayi. Munaikamo amene anakhala ndi mwana wanu sabata yake yomaliza, kumumvera nkhani zake ndi kumufunditsa pachifuwa, pomwe ine mlongo wake ndinali kuseri kwa chitseko ndi bodza langa. Ngati pakufunika wina woti mumukwiyire, ndilipo ine. Make wa Kapitawo mukamuona akuzungulira kuseri, mumuponyereko kanthu.

Amalume muwauze nokha, kapena mundisiye ndidzawauze ndekha, zili kwa inu. Koma Mayamiko, mwana wa achimwene amene mukumulerayo, musamuuze kanthu. Ameneyo ndidzamuuza ndi pakamwa panga, chifukwa ndi bambo ake. Pakadali pano mungomuuza kuti mphaka wa adadi ake wabwera kudzakhala naye, ndipo akhoza kumunyamula osaopa.

Mundiperekere moni kwa amalume a Godfrey ndi akazi awo, kwa amayi aang'ono a ku Migowi ndi ana awo onse, kwa azakhali a kutsidya, komanso kwa amayi a Mvano amene anakhala nanu masiku a maliro. Mayamiko mumuuze kuti azakhali ake amukumbuka, ndipo ndamusungira juzi yofiira ya chaka chamawa.

A Jailosi abwerera kuno Lolemba, ndipo ndawapempha kuti adzadutse kwanuko kudzatenga dengu. Chibwerereni ine m'tauni, dengu limeneli silinabwerepo kuno lopanda kanthu, nthawi zonse mumaponyamo kena kake. Ngati mtima wanu sungathe kumuona mphakayu, musamuphe, mubwezereni momwemo. Ndidzamva tanthauzo lake, ndidzafuna kwina koti tikakhale awiri, ndipo sindidzaponda pakhomo panu mpaka mutandiitana. Koma mukamusunga, ponyanimo nandolo, ngakhale wodzaza dzanja limodzi. Ndikadzamuona ndidzadziwa kuti inenso ndikhoza kubwera.

Lolemba sindiyala kaunjika. Ndidzakhala pomwe amatsitsira katundu ku Limbe kuyambira m'mawa.

Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mphamvu.

Ndine mwana wanu wotsala,
Ida